Njinga Yopanda Kaliyala

Koleji ndinaisiya chaka chachiwiri chili pakati. Panalibe mkangano. Akuluakulu a sukuluyo anandiitana, nandiyalira mapepala anga a mayeso patebulo, ndipo tonse tinagwirizana mwaulemu kuti maphunziro a dziko lino angapite patsogolo ine ndili kunyumba. Ndinakwera sitima kubwerera ku Livingstone ndi sutikesi imodzi. Tsiku lomwelo mkulu wanga anayamba kunditchula kuti ba Profesa, ndipo sabata isanathe komboni yathu yonse ya Linda inali itatengera.

Zinali zaka za m'ma 1990 zili pakati, mafakitale a m'tauni mwathu akutsekedwa limodzilimodzi. Mkulu wanga anali makanika pa fakitale ya nsalu. Itatsekedwa anatsala ndi mkazi, mwana mmodzi wamkazi, ndi njinga. Atayamba kudwala matenda aja amene sitinkawatchula dzina, inatsala njinga yokha.

Mlamu wanga anatenga mwana n'kubwerera kwa makolo ake ku komboni ya Maramba. Sindimuweruza. Anali ndi zifukwa zake, ndipo zina mwa zifukwazo zinali ndi mayina ndi manambala a nyumba. Makolo akewo anali ochokera ku chigawo cha Kumadzulo, anthu aulemu kwambiri, amene amakukana akuwomba m'manja. Analamula kuti mwanayo asadzapondenso kwathu. Amayi anapitako kawiri kukapempha. Ulendo uliwonse anawapatsa tiyi wa mkaka, n'kuwaperekeza mpaka pa mseu.

Ndiye mkulu wanga anali gone m'chipinda chakumbuyo kwa amayi ku Linda, patadutsa miyezi isanu ndi iwiri asanaone mwana wake. Sankapempha nyama, sankapempha abusa. Ankafuna mwanayo basi.

Njingayo ndiifotokoze, chifukwa inali yopusa. Inali yobiriwira, ya matayala owonda ngati chala, mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa. Anaigula kwa injiniya wina wa pafakitale amene ankabwerera kwawo. Inalibe kaliyala. Ku Livingstone njinga ndi wantchito: imanyamula makala, imanyamula buledi ndi mafuta ophikira kuchokera kutsidya kwa mlatho, imanyamula wodwala kupita kuchipatala. Iyi sinkanyamula kanthu koma mwini wake. Lamlungu lililonse, ali bwino, mkulu wanga ankaikwera n'kupita kopanda kanthu, n'kubwerako ali thukuta kamukamu, akumwetulira. Anthu ankafunsa amayi ngati mwana wawo ali bwinobwino m'mutu.

Juni atalowa anandiitana.

"Ba Profesa, njinga izachita dzimbili. Imwe mulibe nchito, mulibe mukazi, mulibe na digili. Muzipalasa m'mawa, mubwele muniuze vamene mwaona."

"Nipalase kuyenda kuti, bakalamba?"

"Ndiye funso ya munthu wofeluka iyo. Palasani chabe."

Anthu akwina amaganiza kuti Livingstone ndi ng'anjo chaka chonse. Abwere mu Juni. M'mawa chisanu chimakwera kuchokera ku Zambezi n'kulowa m'mafupa, madzi a pampopi amaluma mano. Ndinkavala jasi lake lalitali lakuda la pa salaula, msika wa zovala zakale, chipewa cha ulusi, ndi masokosi m'manja. Mchenga wa ku Linda sukondana ndi matayala owonda, kotero gawo loyamba la masewerawa linali kukankha. Ndikafika pa tala ndiye ndinkakwera, misozi ya mphepo ili chuchuchu.

Ndinkayamba ndi mseu wa ku mafakitale. Pa geti ya fakitale yake pankakhala amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi, ena atavala maovolosi, akuwotha moto wa makatoni. Panalibe ntchito, panalibe ngakhale mphekesera ya ntchito. Matupi awo anali atazolowera kudzuka nthawi imeneyo, ndipo kunyumba kunali akazi owayang'ana. Kuchoka apo ndinkatsata njanji, kumene mabogi akale a sitima anaima mpaka udzu kumera pakati pa mawilo ake. Patsogolo pang'ono panali kalipentala amene kale ankakhoma mipando. Tsopano ankakhoma mabokosi, n'kuwasanja panja mwa msinkhu, aakulu pansi, aang'ono pamwamba, ndipo m'mawa uliwonse ankawapukuta mame ndi kansalu. Anali munthu wosamala ntchito yake.

Mseu wa ku mathithi unali wotsetsereka ndipo njinga inkadziyendera yokha. Kutsogolo utsi wa mathithi unkaima m'mwamba, woyera, dzuwa likaugunda n'kufiira pang'ono. Alendo amalipira ndege kudzaona zimenezo. Ine ndinkauyang'ana pang'ono n'kubweza maso pansi, chifukwa pa tala pankakhala ndowe za njovu, zina zikufuka nthunzi, kusonyeza kuti mwini wake sanapite patali. Pafupi ndi malire malole ankandanda, madalaivala atafunda mabulangete, anyani akufufuza pansi pa matenti. Amalonda ankakwera mtunda akukankha njinga zolemedwa mpaka munthu osaoneka, n'kumandiyang'ana ine wopanda katundu monga momwe munthu wanjala amayang'anira galu wa bwana. Tsiku lina azungu ovala makabudula, ali pamwamba pa lole, anandijambula. Penapake kutsidya la nyanja pali chithunzi cha munthu wovala masokosi m'manja, ndipo mwina pansi pake analemba kuti anthu a kuno ndi osangalala.

Pobwerera ndinkadzera ku manda. Sindikudziwa chifukwa chake. Okumba ankayamba m'mamawa chifukwa tsiku linkawachepera. Mizere yatsopano inali yopanda udzu, milu ya dothi lofiira yokhala ndi timapepala ta malata, nkhata za maluwa apulasitiki zitagwetsedwa ndi mphepo.

Ndikafika kunyumba ndinkaima kumiyendo kwa bedi, manja kumbuyo, n'kupereka lipoti ndi mawu a wowerenga nkhani pa wailesi. Anyani, njovu, azungu, mabogi omera udzu. Za kalipentala ndi za manda ndinkazidumpha. Anandipirira masiku anayi.

"Ba Profesa, manda mwayabisa kuti? Yanasamuka?"

"Yaliko."

"Yafika pa mutengo ukulu uja?"

"Yapitilila."

"Ehe. Lipoti izikhala yonse. Ndiye chifukwa chake banakupitikitsani ku koleji, kuyankha hafu."

Lipoti lililonse linkatha ndi funso limodzi. "Ku Maramba?" Ine ndinkati mseu wa ku Maramba uli ndi minga yambiri, matayala sangapirire. Iye ankatembenukira kukhoma. Zoona zake n'zakuti apongozi ake aamuna ndinkawaopa. Anali kalaliki wopuma, wa Chingerezi chowongoka, ndipo ankadziwa za mapepala anga a mayeso.

Chapakati pa Julayi analephera kunyamula kapu. Ndinamumwetsa tiyi ndi sipuni, wambiri n'kutayikira pa pilo chifukwa m'kamwa munali zilonda. Atapuma anandiyang'ana, ndipo sananene kuti ba Profesa.

"Iwe. Mailo uyende ku Maramba. Usakambe vambili. Ubapemphe bamuleke mwana abwele, olo aimilile pa windo chabe. Bakakana, umuone iwe, uzaniuze ngati watalika."

M'mawa mwake amayi analawirira kuchipatala kukaima pamzere wa mankhwala a zilonda za m'kamwa. Ine ndinamusiyira phala, n'kutseka chitseko cha chipinda chake kuti mphepo isalowe. Ndinavala jasi lija n'kunyamuka.

Pali chinthu chimene mwana aliyense wa m'komboni ankachidziwa zaka zimenezo. Mafoni kunalibe. Mwamuna akafika pakhomo m'mamawa pa njinga yopanda katundu, n'kutsikira kunja kwa mpanda, n'kuvula chipewa, n'kulowa akukankha njinga pang'onopang'ono, amakhala ndi uthenga umodzi wokha. Anthu oterowo ndinkakumana nawo m'misewu pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ndinkawaika mu lipoti. Munthu wa chaka ndi theka cha koleji akanatha kulumikiza.

Ndinatsikira kunja kwa mpanda wa nkhadze chifukwa cha ulemu. Ndinavula chipewa chifukwa cha ulemu. Ndinalowa pang'onopang'ono chifukwa cha mantha. Njinga inali ya mkulu wanga, jasi linali la mkulu wanga, ndipo m'masaya mwanga munali misozi ya mphepo. Apongozi aakazi ankasesa pabwalo. Anayang'ana njinga, anayang'ana jasi, anandiyang'ana kumaso. Tsache linagwa. Anagwira mutu n'kuyamba kulira.

Mlamu wanga anatuluka manja ali ndi thovu la sopo. Sanalire. Anangokhala pansi pomwepo pa khonde. Kumbuyo kwake kunali mwanayo, mu juzi yomufika m'mawondo. Anali atatalika. Akazi a nyumba zoyandikana anayamba kulowa kudzera m'mipata ya mpanda, aliyense akumanga chitenje, aliyense akulandira kulirako pomwe wakupeza.

Pakamwa ndinatsegula, izi ndingalumbire. Mawu oti "awe, ali moyo" anali atafika kale pa lilime. Nthawi yomweyo apongozi aamuna anatuluka akumanga mabatani a shati, nandiyang'ana, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Musambikeni mwana. Ayende akalile ba tate bake."

Ndinatseka pakamwa.

Bodza sindinanene. Ndinangoyang'ana pansi, ndipo pamalo ngati amenewo kuyang'ana pansi kumakamba zonse. Mkuluyo anandigwira paphewa, koyamba m'moyo wake.

"Vachitika nthawi yanji?"

"Ninabasiya m'mawa muno."

"Yendani, mukathandize ba mai. Tibwela manje manje."

Sindinapite molunjika. Ndinafika pa kamlatho ka mtsinje wa Maramba, ndinatsika, ndi kukhala pa chitsulo chozizira ndikuyang'ana madzi obiriwira ndi mapepala apulasitiki okodwa m'bango. Ndinkakonza zoti ndikanene kunyumba. Ndinakonza ziganizo zabwino kwambiri, zina za Chingerezi. Pamene ine ndinali pa ntchito imeneyo, mayi wina wa mpingo wa ku Maramba, amene mng'ono wake ankakhala mzere wathu ku Linda, anali atakwera kale minibasi.

Nditakhota pa kona ya kwathu ndinaona sofa wa amayi ali panja. Tebulo linali pansi pa mtengo wa mango, kabati ya mbale itatsamira khoma. Kwathu maliro akagwa, anansi sadikira kuuzidwa: amatulutsa mipando yonse pabalaza kuti akazi akhale pansi, amuna n'kukoleza moto panja. Amuna awiri ankakoka chipika. M'nyumba nyimbo inali itayamba. Chitseko cha chipinda chakumbuyo palibe anachikhudza, poti mwini nyumba kunalibe, ndipo onse ankaganiza kuti amayi apita kukafuna galimoto yonyamula thupi. Bambo wa nyumba yoyang'anizana nafe anandilanda njinga mwachifundo.

"Limbani mutima, ba Profesa. Manje ndimwe mwamuna pano."

Ndinadutsa pakati pa miyendo ya akazi, ndi kulowa m'chipinda, ndi kutseka. Anali maso. Phala linali pomwe ndinalisiya.

"Ba Profesa," ananong'ona, "ni ndani wafa?"

"Ndimwe, bakalamba."



"Nthawi yanji?"

"M'mawa. Simunavutike."

Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, ndipo analuma bulangete kuti a pabalaza asamve. Chitatha ndinamufotokozera zonse, mopanda kudumpha. Ndinati ndituluka tsopano ndikawauze anthu.

"Mwana abwela?"

"Bamusambika."

"Ndiye nkhala pansi. Nipase shati yoyela ija."

Ndinamuveka. Kolala inali ndi malo a makosi awiri. Ndinamukhazika motsamira mapilo, ndinamupaka mafuta pa milomo, ndinamupesa tsitsi lomwe linatsala, lofewa ngati la khanda. Iye ankamvetsera za pabalaza, mutu utapendekeka.

"Uyo alila maningi, si uja anakamba ati nisamwele mu kapu yake?"

"Ni yeve."

"Ali na mau yabwino."

Tinakhala choncho, tikudikira. Ife awiri, makanika ndi profesa, tinali titawerengera zonse kupatula munthu mmodzi.

Kulira ndakumva kwa mitundu yambiri, ndipo kwambiri kumakhala ndi kanyimbo kake, kokwera ndi kutsika. Kumene kunachokera kumseu tsiku limenelo kunalibe nyimbo. Amayi anali ataima pamzere kuyambira m'bandakucha. Atafika pa kona anaona sofa wawo panja. Botolo la mankhwala linagwa n'kusweka, n'kuwathimbirira chitenje ndi mapazi, mankhwala aja ofiirira ngati inki. Akazi anayesa kuwagwira pakhomo, anawakankha onse. Chitseko chinatseguka mpaka kumenya khoma.

Anamupeza ali tsonga, mu shati yoyera, tsitsi lopesa.

Anaima. Kenako anayandikira n'kumugwira tsaya, khutu, pachifuwa, monga amachitira posankha nsalu.

"Amai, nikali," iye anatero.

Anatembenukira kwa ine. Ndinkayembekezera mbama, ndipo ndikanailandira mothokoza.

"Ni iwe?"

"Ni ine."

"Nayenda kuchoka pa kona mpaka pano mwana wanga ali wakufa."

Sanawonjezere. Mpaka lero sanawonjezerepo.

Pabalaza nyimbo inazima mzere uli pakati. Akazi awiri amene anasuzumira m'chipinda anathawa n'kusiya nsapato. Enawo anatuluka mmodzimmodzi, osayang'anana. Amuna aja anangoima ndi chipika chawo, osadziwa ngati achibweze kapena achisiye. Mu bata limenelo ndi mmene anafikira a ku Maramba, anthu ngati khumi, atayambira kulira pa siteji ya minibasi monga mwa mwambo. Analira mpaka pa geti, n'kuona kuti palibe akuwalandira. Wina anawanong'oneza.

Apongozi aamuna anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza pakhomo.

"Imwe. Mwatiseweletsa? Ise bakulu, mwatiliza mu minibasi, tauni yonse kutiona?"

"Sininakambe kuti bafa."

"Chokani apo! Ndiye vamene munaphunzila, ivi?"

Ndinayang'ananso pansi, koma ulendo uno sizinathandize. Apongozi aakazi anagwira dzanja la mwana n'kutembenuka. Apo amayi anatuluka m'nyumba, chitenje chili chothimbirira, maso otupa. Anadutsa pambali panga ngati ndine mtengo. Anagwada mumchenga pamaso pa anthu aja n'kuyamba kuwomba m'manja mwa ulemu wa kwawo kwa alendowo, pang'onopang'ono. Anawomba nthawi yaitali. Anansi onse anali pa mpanda.

Mlamu wanga ndiye anasuntha. Anachotsa dzanja la mwana m'dzanja la mayi ake.

"Tafika kale," anatero. "Tiyeni."

Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anamuveka diresi ya kutchalitchi, nkhope ili mbee ndi mafuta. Anafika pa chitseko cha chipinda n'kuima, ndipo mayi ake atamukankha pang'ono anagwira felemu ndi manja onse awiri. Anayang'ana munthu wa pabediyo nthawi yaitali. Ndikukhulupirira kuti ankafunafuna bambo ake penapake pankhopeyo.

"Mami," mkulu wanga anatero, poti ndi mmene ankamuitanira. "Bwela."

Mwanayo anapukusa mutu.

"Ba mbuya bakamba ati munafa."

"Sininayambe. Ba Profesa banafulumila."

Mwanayo sanaseke. Mkulu wanga anatambasula dzanja pa bulangete, chikhatho chili m'mwamba, n'kulisiya pomwepo. Miyezi yonseyi anali akukonza zoti adzamuuze, ndipo zina ankaziyeserera pa ine. Palibe chimodzi chinatuluka.

"Bakamba ati wagula mano," anatero pamapeto. "Nionetse."

Palibe anamuuza zimenezo, anangoganiza. Mwanayo anayang'ana mayi ake, kenako anakweza mlomo ndi chala. Awiri akutsogolo kunalibe.

"Yanayenda kuti?"

"Ninaponya pa mutenge wa nyumba."

"Wachita bwino. Yazamela yakulu."

Zinathera pomwepo. Sanalowe, ndipo iye sanamukakamize. Mlamu wanga anaima kumbuyo kwa mwanayo, akuyang'ana mwamuna wake, ndipo ndinaona kuti nayenso khosi lake layamba kuoneka mafupa. Mlamu wanga anamufunsa ngati akudya. Iye anati akudya. Panja apongozi anaitana, kawiri. Mwanayo anathamanga osatsanzika.

Potuluka mlamu wanga anaima pafupi nane pabalaza lopanda mipando. Sanakweze mawu.

"Ba mulamu, siku yeniyeni musabwele imwe. Mutume wina."

Madzulo ndinayamba kukoka sofa kuti ndimulowetse. Amayi anati ndimusiye pakhonde, ndi wolemera, palibe chifukwa chomunyamula kawiri. Mkulu wanga anagona bwino masiku atatu otsatira, ndipo aliyense wolowa m'chipinda ankamuuza za mano.

Anamwalira Ogasiti atangoyamba, mphepo ya fumbi itayamba kuwomba, masana, amayi ali pambali pake. Ku Maramba kunapita mkulu wa mpingo, wapansi, atanyamula kalata. Anabwera onse, apongozi aamuna atavala suti, ndipo anakhala pa moto masiku onse atatu osandilankhula. Mlamu wanga anakhala pansi pabalaza pafupi ndi amayi. Mwana sanabwere naye. Amayi atafunsa, anayankha kuti mwanayo analira kale.